Dzanja Lamanja la Zalakhumi

Mu shopu ya telala wina wamkazi munali lamulo limodzi lokha, ndipo makasitomala onse ankalidziwa: chovala sichituluka pakhomo ulusi ukulendewera. Mayiyu akaona mpendero wapotoka pang'ono, ngakhale pamalo poti diso la munthu silingafikepo, ankamasula msoko wonse n'kuyambiranso. Mwini diresi alire, apse mtima, iye analibe nazo ntchito. Abale ake ankamutcha Kasingano kuyambira ali mwana, poti anali wochepa thupi koma wobaya pakamwa, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka imvi.

Kasingano anali ndi mlongo mmodzi, wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ameneyu moyo wake wonse anathera pa piyano, kuimba jazi m'mahotela ndi m'maholo, mpaka anzake a m'bandi anamupatsa dzina loti Zalakhumi. Matenda a sitiroko atamugwira, anamulanda dzanja lamanja n'kumusiyira lamanzere. Iye mwini ankaseka nazo, amvekere dzina lija alidule pakati, theka alibweze kwa eni ake.

Lamlungu lina masana Kasingano anapita kukamuzonda. Anamupeza ali pa piyano pabalaza, dzanja lamanzere likuyenda lokha kumunsi kwa makiyi, kumene mawu amalira mokhuthala. Mkazi wake anali kukhitchini kutsuka mbale.

"Takhala apa, Kasingano," anatero Zalakhumi, akusendera kumanzere kwa benchi. "Dzanja ili likusowa mnzake. Suja ndinkakuphunzitsa uli kamtsikana? Ukhale dzanja langa lamanja."

"Achimwene, zimenezo n'zakalekale. Zala izi zinazolowera sizasi."

"Zala siziiwala. Tamvera. Nyimbo iyi timati bluzi, ndipo ili ngati nyumba ya zipinda zitatu. Ine ndikhala m'chipinda choyamba zigawo zinayi. Ndilowa m'chachiwiri zigawo ziwiri, ndibwereranso ziwiri. Kenako chachitatu, chachiwiri, basi ndafika pomwe ndinayambira. Zikakwana khumi ndi ziwiri, tizunguliranso. Iwe pamwambapo uzingocheza nane."

"Ndizicheza chiyani?"

"Chilichonse chimene chakubwerera. Ungotola mawu mu sikelo iyi."

Anamuonetsa sikeloyo, kamakwerero ka makiyi asanu, ndi kakiyi kena kapakati kolira ngati munthu wodandaula. Kasingano anakhala pansi, naika zala. Zigawo zinayi zoyamba zinayenda bwino, moti mtima wake unayamba kutentha ndi chimwemwe. Koma mlongo wake atalowa m'chipinda chachiwiri, iye anatsalira m'choyamba. Atazindikira anathamanga kuti amupeze, n'kumupitirira, ndipo anamaliza yekhayekha mwini nyumba akadali m'njira.

"Kodi wagwetsa mbale ndi ndani kumeneko?" anafuula mlamu wake ali kukhitchini, n'kuphulika nako kuseka.

Zalakhumi nayenso anaseka mpaka misozi. Kunali kuseka kwake koyamba chitulukireni m'chipatala, kuseka kwa munthu amene wapeza chimene anataya. Koma Kasingano sanamve zimenezo. Iye anangomva kuti wasekedwa, iye amene ntchito yake inali isanasekedwepo ndi munthu. Anaimirira, natola chikwama chake.

"Ndidzabwera ndikakonzeka, achimwene."

"Kukonzeka kwake n'komweku. Khala pansi tilakwitsenso."

"Ine sindionetsa anthu chinthu chosatha."

Sabata yomweyo anagula kakiyibodi kakale, nakaika kuseri kwa katani, m'kachipinda koyezera zovala, pakati pa mipukutu ya nsalu. Pafoni anapeza mphunzitsi wina wolongosola kuti sikelo ija ili ndi abale ake, onse pamodzi khumi ndi awiri, aliyense ndi poyambira pake. Kwa munthu ngati Kasingano, kumva zimenezo kunali ngati kuuzidwa kuti diresi lili ndi mabatani khumi ndi awiri: sakanasokerera limodzi n'kunena kuti wamaliza. Anatenga choko cholembera nsalu, najambula mizere khumi ndi iwiri pakhoma. Sikelo iliyonse anaipatsa masabata atatu. M'mawa asanatsegule shopu, ndi masana pa nthawi ya chakudya, zala zinali kukwera ndi kutsika, foni ikugunda kuti ta, ta, ta, kumusungira liwiro. Akaphonya kiyi, ankayambiranso pansi.

Wometa tsitsi wa shopu yoyandikana naye anapirira mwezi wathunthu, kenako anasuzumira pakhomo.

"Amayi, makwererowa mukukwera n'kutsika tsiku lililonse, kumwambako simukufika bwanji? Makasitomala anga ayamba kugwedeza mitu, ndiwadula makutu ine."

"Inu metani anthu, za nyimbo zisiyeni," anayankha Kasingano osatembenuka n'komwe.

Mlongo wake ankaimba foni Loweruka lililonse.

"Mawa ukubwera?"

"Ndili pa sikelo yachinayi, achimwene."

"Yachinayi ya chiyani? Ine dzanja langali limayenda m'nyumba imodzi yomwe ija. Masikelo enawo ukuphunzirira ndani? Iwe Kasingano, diresi suitana mwini wake kudzaliyeza mapini akadali momwemo?"

"Kuyeza n'kwina, kuvala n'kwina."

"Ndiye bwera tidzayeze."

Tisamunamizire mayiyu, sanali wouma mtima. Mlongo wakeyo ankamukonda kwambiri, ndipo chikondi chomwecho ndicho chinkamuuza kuti munthu amene anaimba ndi akatswiri zaka makumi anayi sayenera kupatsidwa nyimbo yazigamba. Ankafuna tsiku lina adzakhale pabenchi paja, adzatsetsereke pa makiyi popanda chilema, aone mlongo wake akutseka maso monga ankachitira pa siteji. Chimene sankadziwa n'chakuti sikelo ndi ulusi chabe, si chovala, ndipo kumva pamene mnzako wasintha chipinda sikuphunzirika uli wekha kuseri kwa katani.

Poyamba ankapitabe kukacheza, koma ankakhala pa sofa yakutali, chikwama pamiyendo, n'kumakamba za mitengo ya nsalu. Piyano inkakhala yotsegula, ndipo mlongo wake ankakhala kumanzere kwa benchi ngakhale malo onse anali ake. Malo opanda munthu aja ankamuyang'ana Kasingano mpaka tiyi kumuzizirira m'kapu. Ndiye anayamba kudumphitsa masabata. M'malo mwake ankatumiza zipatso, tsiku lina malaya atsopano okhala ndi mabatani akuluakulu oti munthu amange ndi dzanja limodzi.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, mlamu wake anabwera yekha kushopu. Anakhala pa kampando ka makasitomala, nayang'ana mizere ya choko pakhoma paja.

"Alamu, ngati ndi kuseka kwanga kuja, ndikhululukireni. Pakamwa panga mumapadziwa, sipakhala chitseko."

"Ndinaiwala kale zimenezo."

"Simunaiwale. Bambowa Lamlungu lililonse amandiuza ndiwamete ndevu, amavala malaya munawasokera aja, n'kukhala pa piyano kuyambira tikangodya. Galimoto ikaima panja amasiya kuimba, kumvetsera. Dzulo andiuza kuti dzanjalo layamba kuchita dzanzi m'mawa. Bwerani, ngakhale mudzagwetse mbale zonse."

Kasingano anatembenuka. Anayang'ana khoma lija: mizere isanu ndi inayi inali yodulidwa, itatu inali yoyera.

"Atsala atatu okha, alamu. Muwauze kuti miyezi iwiri sichedwa."

Foni inalira Lachiwiri lina m'mawa, iye ali ndi mapini pakamwa, atagwada kupinda siketi ya kasitomala. Anali pa sikelo yakhumi ndi chimodzi. Matenda aja anali atabweranso, ndipo ulendo uno anadzera kumanzere. Kasingano anathamangira kuchipatala tepi yoyezera ikadali m'khosi.

Zalakhumi sanafe. Patatha mwezi anabwerera kunyumba pa mpando wamatayala, manja onse awiri ali pamiyendo, lilime likulemera. Lamlungu loyamba Kasingano anafika asanaitanidwe. Anapeza piyano yotseka, pamwamba pake atayalapo nsalu n'kuikapo mabotolo a mankhwala. Anachotsa zonsezo mmodzimmodzi, natsegula chivundikiro, nakankhira mpando wa mlongo wake kumanzere, pamalo ake. Mlamu wake anaima pakhomo la khitchini atapinda manja.

"Achimwene, tamverani zimene ndaphunzira."

Anaimba masikelo onse khumi ndi limodzi, kukwera ndi kutsika, osaphonya ngakhale pamodzi. Zinali zosalala zedi.

"Zoyera," anatero Zalakhumi, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Tsopano... imba."

"Ndaimba, achimwene."

"Wawerenga. Imba."

Kasingano anayesa. Anatola mawu apa ndi apo monga anamuuzira tsiku lija, koma pansi pake panalibe kanthu. Kunali kuyankhula m'nyumba yopanda anthu. Zala zinaima zokha.

"Nyamula," anatero mlongo wake, akuloza ndi maso dzanja lake lamanzere. "Ika... apo."

Kasingano analinyamula. Linali lofunda, lolemera, zala zazitali zija zitapindika pang'ono. Analiika pa makiyi akumunsi, naika lake lamanzere pamwamba pake, n'kukanikiza chala cha mlongo wake. Piyano inatulutsa liwu limodzi lokhuthala.

"Ndikagwedeza mutu... tisamuke."

Anayamba motero, pang'onopang'ono, kuposa nyimbo ya maliro. Kasingano ankakanikiza chala cha mlongo wake kumanzere, kwinaku dzanja lake lamanja likufunafuna chonena. Zalakhumi akagwedeza mutu, iye ankasuntha dzanja lija kupita nalo m'chipinda china. Ulendo woyamba anasochera katatu. Wachiwiri anasochera kawiri, nagunda kiyi wolakwika amene analira ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo anadikira kuti wina aseke. Sanaseke munthu. Mlamu wake anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni.

Pa ulendo wachisanu panachitika chinthu. Kasingano anamva m'chifuwa mwake kuti chipinda chachiwiri chayandikira, mutu uja usanagwedezeke. Anasamuka pa nthawi yake, ndipo dzanja lamanja linapeza lokha kakiyi kodandaula kaja, linakhalapo pang'ono, n'kutsika mawu atatu basi. Sizinali zambiri, koma zinali zake, ndipo zinagwa pamalo pake. Zalakhumi anatseka maso.

"Eya," ananong'ona. "Ndi zimenezo."

Apa m'pamene Kasingano anasweka mtima. Anayang'ana wotchi yapakhoma: ola linali lisanakwane chikhalireni pabenchipo. Chimene anachisaka miyezi isanu ndi itatu kuseri kwa katani chinali cha masana amodzi okha, pambali pa munthu uyu. Ndipo masana amenewo analipo, Lamlungu ndi Lamlungu, dzanja ili likadali ndi mphamvu zoyenda lokha, kumuyankha, kumunyenga, kumudikira akatsalira. Tsopano ankakanikiza yekha, n'kudziyankha yekha, ndipo momwe dzanjalo likanamuyankhira sadzadziwa mpaka kalekale.

"Achimwene, ndinakulakwirani," anatero, misozi ikudonthera pa makiyi. "Munandiitana, ine n'kumawerenga mizere pakhoma."

Zalakhumi anamuyang'ana. Mbali imodzi ya pakamwa pake inayesa kumwetulira.

"Usalire... unyowetsa piyano. Yamba... pamwamba."

Anayambiranso, mpaka dzanja lija linatopa n'kutsetsereka pa makiyi. Kasingano analibwezera pamiyendo pa mwini wake mosamala, naliphimba ndi lake.

Kuyambira tsiku limenelo sanaphonyenso Lamlungu. Ankalakwitsa, n'kupitiriza, ndipo m'kupita kwa miyezi anayamba kuimba zoti odutsa mumsewu ankachepetsa liwiro pawindo. Ena ankati m'nyumbamo mwabwerera Zalakhumi. Koma iye ankadziwa kuti woimba ndi mmodzi, wonyamula dzanja la mnzake, ndipo nyimbo ya anthu awiri imene mlongo wake anamupempha ija inaimbidwa kamodzi kokha, tsiku limene anatola chikwama n'kuchoka. Akatseka piyano madzulo n'kupsompsona mlongo wake pamphumi, ankatsika masitepe a pakhonde akudziuza yekha mawu amene akale anasiyira anthu onga iye: zengerezu adalinda kwawukwawu.