Chifukwa Chake Njere za Chisoso Zimakakamira Zovala

Kalekale, ana inu, masamba akadali ndi pakamwa, njere za chisoso zinali zosalala ngati mapira. Timinga tija panalibe.

Masika atafika, mayi wina dzina lake Nankhoma analowa m'dimba kukathyola masamba oti afutse. Anathyola mpungabwi wothamangitsira udzudzu, anathyolanso chidede cha ndiwo za m'chilimwe, mpaka dengu linayamba kubuula.

Chisoso, amene anamera kumalire ndi tchire, anaitana: "Mayi, nanga ine? Udzu ukuuma uwu. Osaka mbewa akayatsa moto, ine ndi ana anga tipsa."

"Iwe umamera ndi kudzala komwe," anatero Nankhoma. "Ndibwera mawa."

Mawa lija linabereka mawa linzake, linzakelo linaberekanso zidzukulu.

Tsiku lina mwamuna wa Nankhoma anadzitema ndi nkhwangwa pamwendo, magazi osaleka. Mankhwala a bala lotere anali madzi a masamba a chisoso. Nankhoma anathamangira kudimba chimanjamanja, n'kupeza utsi uli tolo, moto wa osaka mbewa ukuthetheka m'tchire.

"Mwabwera, mayi?" anafunsa Chisoso. "Mawa lija ndi lero?"

"Ndipatse masamba, abambo akunyumba akutha magazi."

Chisoso anapinda masamba ake onse. "Muyambe mwatola ana anga."

"Nthawi yotola njere imodziimodzi ndiitenga kuti? Anawo ndidzawatenga..."

"Mawa?"

Nankhoma anacheuka. Moto unali utagwira kale mpanda wa dimba, phulusa likugwera pampango wake.

"Ndikangopereka masambawo ndibwerera pompano," anachonderera.

Chisoso anayang'ana moto, anayang'ana mayiyo, kenako anatambasula masamba. Koma Nankhoma atawerama kuti athyole, Chisoso ananong'oneza ana ake: "Gwirani chitenje icho. Ngakhale akukutumuleni, musasiye."

Anawo analibe manja. Mantha ndi amene anawameretsa mano nthawi yomweyo, ndipo analuma nsalu.

Nankhoma anathawa, kumbuyo moto n'kumeza Chisoso. Kunyumba anafinyira masamba pabala, magazi analeka. Atakhala pansi kuti apume, anaona chitenje chili bii ndi njere. Anazizula imodziimodzi, ntchito ija ankati alibe nayo nthawi, n'kuzitaya kuseri kwa nyumba. Mvula itagwa, zonse zinamera.

Ndi chifukwa chake lero ukadutsa pa chisoso, ana ake safunsa kumene ukupita, amangokuluma chovala n'kupita nawe. Zoti mawa, mtundu umenewu sumvanso.