Nangozo ndi Miyala ya Mkaka

Kalekale, mwananga, misewu isanafike kuno, kunali mayi wamasiye dzina lake Nangozo. Anali ndi ana awiri ndi ng'ombe imodzi yaikazi, dzina lake Mawanga.

Dzinja likafika, msipu mbwee, mkaka nawo mbwee. Ana amwa, watsala. Anansi amwa, watsalabe. Nangozo ankauthira m'chipanda kuti ukhale chambiko, koma pakapita masiku anayi unkanunkha, n'kuutayira agalu.

Chilimwe chikafika, msipu gwa, mawere a Mawanga fwaa. Chaka china mwana wamng'ono anawonda mpaka anthu anayamba kunong'onezana za maliro. Anachira, koma mwamwayi.

Nangozo anapita kukhola. "Iwe Mawanga, bwanji umandimana mkaka pamene ana akufa?"

Ng'ombe inati, "Ine ndimapereka chimene udzu wandipatsa. Kusunga ndi ntchito ya eni manja. Funsani Kakowa uyu, amatsata ng'ombe m'maiko onse."

Kakowa anati, "Mayi, ndinaona anthu akumwa mkaka wa mwezi watha. Ndinaona ena akudya wa chaka chatha. Miyendo muli nayo?"

"Ndili nayo."

Nangozo anasiya ana kwa mchemwali wake, nanyamuka. Kakowa m'mwamba, Nangozo pansi. Anayenda, anayenda, anayenda.

Anafika kudziko la mapiri. Kumeneko anapeza mayi wamtali, wamikanda m'khosi, akupaka chikuni chamoto m'kati mwa chipanda mpaka utsi tolotolo. Kenako anathiramo mkaka wowiritsa, n'kutseka. Anatenga chipanda china n'kumupatsa mlendoyo. "Imwani. Ndi wa mwezi watha."

"Mkaka wotuwa chonchi?"

"Utsi ndiye mlonda wake. Imwani."

Nangozo anamwa, nanyambita milomo. "Muli ndi nzeru, mayi. Koma chilimwe chakwathu sichitha mwezi umodzi."

Anaphunzira, nathokoza, napitirira.

Anafika kudziko la mtsinje waukulu. Anthu akumeneko ankakhutchumula mkaka m'thumba lachikopa mpaka mafuta atayandama, n'kuwatenthetsa pamoto, n'kuwasunga mumtsuko chaka chathunthu. Nangozo anaomba m'manja. Koma mumtima anati, "Mafuta okha sangakuze mwana."

Anayenda, anayenda, mpaka udzu unatha, kutsogolo mchenga wokhawokha.

Kakowa anatera. "Mayi, ine ndilekeza pano. Uko kulibe dambo."

"Koma anthu aliko?"

"Aliko, ndi ngamila zawo."

Nangozo anapita yekha. Tsiku lachitatu anagwa ndi njala ndi ludzu. Nkhalamba ina yoweta ngamila inamutola, n'kupita naye kuhema wake. Inamupatsa madzi. Kenako inamuika m'manja kamwala koyera.

Nangozo analira. "Agogo, ndakulakwirani chiyani kuti mundipatse mwala?"

Nkhalambayo inaphwanya kamwalako, n'kukasungunula m'madzi ofunda. Madzi aja anayera. Nangozo analawa. Mkaka! Wowawasa, wamchere pang'ono, koma mkaka.

"Ndi wa chaka chatha," anatero mkazi wa nkhalambayo. "Kodi kwanu wotsala mumatani nawo?"

"Timatayira agalu."

Mkaziyo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Ndiye anamukoka Nangozo dzanja. "Bwera, mwanawe. Suchoka pano usanadziwe."

Anamuonetsa zonse. Kusasitsa mkaka. Kuuwiritsa. Kuufinya m'nsalu mpaka madzi onse atatha. Kuthira mchere, kuumba timibulu, kuyanika padzuwa mpaka gwa.

Nangozo anafika kwawo mvula yoyamba itagwa. Mawanga anali atabereka. Mayi uja anayamba ntchito, anansi ali khamu kuonerera.

Mnansi wake Nasimango anaseka mpaka kugwira nthiti. "Anzanga, Nangozo wabwera ndi misala! Akuyanika mkaka ngati mfutso!"

Ndipo zinakanikadi. Dzuwa la dzinja lakwathu si dzuwa la kumchenga. Timibulu tonse tinachita nkhungu. Anayesanso, nkhungu. Anayesa kachitatu, nkhungu.

Wina akanaleka. Nangozo anakhala pansi n'kuganiza. Anakumbukira mayi wakumapiri uja ndi chikuni chake. Anamanga kansanja pamwamba pa mafuwa, n'kuyalapo timibulu kuti moto uziumitsa, utsi uzilonda. Patapita masiku, anatenga kamodzi n'kukagogoda pamwala. Go! Go! Kanali katauma.

Anadzaza mitsuko isanu ndi miyala ya mkaka, wachisanu ndi chimodzi mafuta.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali choopsa. Ng'ombe zonse za m'mudzi zinauma mawere. Koma ana a Nangozo ankathamanga, masaya ali phwii.

Tsiku lina m'mawa Nasimango anafika, mapasa ake ali lobodo, wina kumsana wina m'manja. Anagwada pakhomo.

Nangozo sanamukumbutse za mfutso. Anasungunula timiyala tiwiri, n'kuthira m'phala pamodzi ndi mafuta. Mapasa anadya. Mawa lake anadyanso. Sabata isanathe anayamba kukwawa.

"Mvula ikagwa mubwere ndi mkaka wanu," anatero Nangozo. "Muuzenso ena."

Anabwera mudzi wonse.

Wamva, mwananga? Anthu a dziko lililonse ali ndi nzeru imene dzuwa lawo linawaphunzitsa. Usaiseke. Koma ukaibweretsa kwanu, uyambe waifunsa ngati ikugwirizana ndi mvula yakwanu.

Basi, nthano yanga yathera pamenepo.