Makina Osokera a Nangondo

Pamene tinkasamukira ku Mangalande, mlongo wanga wamkulu, Esinati, anatulukira akampani yotumiza katundu akulongedza.

"Makina osokera aja atsale, anagula ndi mlongo wanga!" anatero Esinati polamula mkazi wanga, malemu Nangondo.

"Tengani, alamu, koma musatsegule panjira, angalowe fumbi," anatero Nangondo, n'kuwasenzetsa chibokosi chomata bwino.

Esinati ananyamuka khosi litapindika, akumwetulira. "Kulemeraku ndiye makina enieni!"

Lole itangonyamuka ulendo wa ku doko la Beira, makina ali m'kontena, tinamva mfuu ya Esinati kutsidya kwa msewu. M'bokosimo munali mphero, imene akampani anaikana chifukwa cholemera.

Nangondo anaseka mpaka misozi, n'kukuwa: "Alamu, kamwala koperera kali momwemo, musataye!"