Munthu Amene Anazungulira Mpanda wa Mkulu Wake mu Julayi

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu nonse: zimene ndikambe pano ndi zoona zokhazokha, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndikawonjezapo kamchere ngakhale kang'onong'ono, dzino langa limodzi latsalali ligwe pompano. Bodza likandiona ine limakhota njira. Sukulu sindinapondeko, koma miyezi ndimawerenga ndi zala, ndipo chala chachisanu ndi chiwiri chimagwera pa Julayi, mwezi tauyambawu. Tsono tcherani khutu.

Panali munthu wina, mlimi wa tomato kudimba. Anali ndi mkulu wake, bere limodzi. Bambo awo pomwalira anawasiyira chitsime pakati pa nyumba zawo ziwiri. Madzi ake! Ine ndinamwapo. Ukaphikira tiyi, shuga umakabweza kugolosale.

Wamng'onoyu anali ndi pakamwa. Ankayankhula podzuka, pakudya, ngakhale pomwa madzi. Wailesi ya kunyumba kwake inkazima yokha, kudikira kuti amalize. Tsiku lina mbuzi zake zinadetsa chitsime chija, ndipo mkulu wake anamudzudzula. Iye anayankha pagulu, anthu akumva: "Inu chitsimechi mukusamalira yani, poti mwana mulibe?"

Mkuluyo anaumba njerwa, naziwotcha, namanga mpanda kuzungulira nyumba yake, chitsime chili mkati. Mpandawo unali wautali moti akhwangwala ankayamba apuma pakati asanafike pamwamba. Kwa wamng'ono dzuwa linkatuluka masana.

Zaka zinapita, abale osayankhulana. Wamng'ono ankathirira dimba lake ndi madzi a m'khwawa. Koma chaka china mvula inadula msanga, khwawa linaphwa mu Juni, tomato anayamba kufota. Chakudya cha ana ake chinali m'dimba lomwelo. Madzi anali pafupi, kuseri kwa mpanda. Kupita kukapepesa, khosi linakana.

Lamulungu loyamba la Julayi kutchalitchi kunabwera mlaliki woyendayenda. Anati mwezi uliwonse uli ndi nambala yake, ndipo nambala iliyonse ili ndi uthenga wake. Seveni ndi nambala imene Mulungu amamalizira zinthu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapuma, ntchito itatha. Namani wakhate anamira mumtsinje kasanu ndi kawiri, khungu linasalala. Ku Yeriko anthu anazungulira mzinda masiku asanu ndi awiri, linga linagwa. "Mwezi uno," anatero mlalikiyo, "linga lililonse limene laima pakati pa iwe ndi madalitso ako, ligwa!"

Anthu anati ameni. Ameni wa mlimi wa tomato anagwetsa mileme kudenga. Anzake anamva zauzimu. Iye anaona njerwa za mkulu wake.

Atatuluka anamukokera mlaliki pambali. "Abusa, anthu a ku Yerikowo anachita bwanji kwenikweni?"

"Kamodzi pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lomaliza kasanu ndi kawiri. Kenako lipenga, kenako kufuula. Koma pozungulirapo pakamwa pamakhala potseka. Osatulutsa mawu mpaka nthawi yofuula."

Munthu uja anafunsanso: "Ngakhale moni, abusa?"

"Ngakhale moni."

Anakapeza nyanga ya ng'ombe, naiboola, ikhale lipenga. Lolemba m'mawa anayamba. Julayi wa chaka chimenecho kunkazizira moti atambala ankalira atafunda bulangeti. Iye anali ndi malaya okha.

Pachipata anapeza mlamu wake Nangozo, mkazi wa mkulu wake, akusesa. Mayi ameneyu zaka zonsezo sanasiye kupereka moni, poti mkangano unali wa amuna. "Mwadzuka bwanji, alamu?"

Analuma lilime, nadutsa. Mawu anasowa potulukira, anabwerera m'mimba. Mimba inatupa, batani la malaya linathothoka, linakagenda nkhanga ili kuuluka. Nkhangayo tinadya ndife.

Lachiwiri anthu anayamba kumuseka. "Yoswa wa tomato uyo! Bwanji lero, Yoswa, njerwa zikugwedezeka?" Iye anangopitiriza kuzungulira.

Lachitatu panachitika chachilendo. Makutu ake, amene chibadwire sanagwirepo ntchito chifukwa pakamwa pankawaphangira, anatseguka. Kuseri kwa mpanda, cha kum'mawa, kumene sanafikeko chimangireni mpandawo, anamva munthu akutsokomola mkati.

Lachinayi pamalo omwewo anamva ngati wina akukoka thumba la chimanga. Kenako mawu a Nangozo, akupuma movutikira: "Gwirani khosi langa, bambo. Tatsala pang'ono kufika padzuwa." Apo m'pamene anakumbukira kuti chiyambire dzinja mkulu wake sanaoneke pamsika, ngakhale pamaliro. Iye ankangouza aliyense kuti ndi kunyada.

Lachisanu anapeza kabowo kotulukira madzi patsinde pa mpanda. Anagwada, nasuzumira. Mkulu wake anali gone pamphasa, m'munsi mwenimweni mwa khoma, pamene dzuwa limafika. Mbali imodzi ya thupi inali itafa. Munthu amene kale ankanyamula ng'ombe yodwala paphewa anali atatsala mafupa.

Loweruka, akudutsa pamenepo, anamva mawu olemera, otuluka mbali imodzi ya kamwa.

"Nangozo, amene akuyenda panjapo ndi mng'ono wanga. Mapazi ake ndimawadziwa."

"Ndi iwowo. Akuti akufuna mpanda ugwe ngati wa ku Yeriko."

"Nanga bwanji sakuyankhula? Akudwala?"

"Kaya."

"Kukuzizira. Kamupachikire jekete langa pachipata. Ine sindipita kulikonse."

Atafika pachipata analipezadi jeketelo lili lende. Analiyang'ana nthawi yaitali. Analivala.

Lamulungu kunadzaza. Anthu anachokera midzi yonse, ena anakwera m'mitengo mpaka nthambi kugunda pansi. Mlaliki uja anaimitsa mapemphero kuti naye akaone. Munthu uja anayamba kuzungulira, nyanga kudzanja, jekete la mkulu wake pathupi.

Ulendo woyamba ankaganiza za tomato wake. Ulendo wachitatu funso linamufikira: mpanda umenewu ukamagwa, ugwera kuti? Mlaliki sananene. Ukagwera mkati, pansi pake pagona munthu amene sangathe kuthawa. Mawu a Mulungu iye ankawakhulupirira ndi mtima wonse. Sankakayika ngakhale pang'ono kuti akaliza nyanga ija, njerwa zitsika. Ulendo wachisanu ndi chiwiri anafika pachipata, naima.

Anthu anatseka makutu kudikira lipenga.

Anaika nyanga pansi. Anakoka mpweya. Mawu onse a sabata yathunthu anali m'mimbamo, ndipo anatuluka atatu okha:

"Odi kuno, achimwene!"

Odi ameneyo anamveka mpaka ku Mozambiki. Kumeneko anthu anatsegula zitseko, n'kumati, "Lowani." Koma mkati mwa mpanda munachokera kamawu kakang'ono: "Nangozo, mutsegulire."

Analowa, nagwada pamphasa paja. "Achimwene, mawu aja ndinanena tsiku lija..." Basi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mawu anamuthera. Inatuluka ndi misozi.

Mkulu wake anamugwira ndi dzanja lamoyo lija. "Unandifunsa kuti chitsime ndikusamalira yani. Ndinkasamalira ana ako omwewa, chitsiru iwe. Tandinyamula, mphasayi yandikwana."

Anamunyamula ngati mwana, natuluka naye pachipata. Wodwalayo anayang'ana anthu, anayang'ana dambo, anayang'ana dimba lofota lija. Kenako anatembenukira ku mpanda wake. "Ndinaumanga kuti ndikutsekere kunja. Wanditsekera ndine mkati. Miyezi yonseyi ndakhala ndikubuula muno, palibe wondimva. Uchotseni."

Njerwa yoyamba anachotsa ndi mlaliki, ngakhale linali Lamulungu. Aliyense anagwirapo. Pofika masana mpanda kunalibe. Akhwangwala anafika kudzapuma, anangogwa pansi. Njerwa zomwezo anayalira ngalande yochokera pachitsime kukafika kudimba. Tomato uja anadzuka tsiku lomwelo, ine ndikuona. Chaka chimenecho tomato mmodzi ankakwera yekha pawilibala, amuna awiri akukankha. Ana a wamng'ono ankalimbirana kutungira madzi Nangozo ndi kutulutsa bambo awo aakulu padzuwa. Mkuluyo anakhala ndi moyo zaka zina zambiri, ndipo madzulo aliwonse ankathokoza Mulungu chifukwa cha zinthu ziwiri: madzi, ndi phokoso la mng'ono wake, limene linabwerera mwakale.

Tsono inu amene mwalowa mu Julayi muli ndi mpweya, yamikani. Uno ndi mwezi umene Mulungu amamaliza zimene zatenga nthawi. Ine ndawerenga a Julayi ambiri kuposa tsitsi la pamutu panu, ndipo palibe mmodzi amene anandidutsa chimanjamanja. Koma linga limene mukulipempherera kuti ligwe, yambani mwalizungulira pakamwa mutatseka. Mwina kuseri kwake kwagona m'bale wanu. Thokozani Mulungu amene sagwetsa njerwa pa nthawi imene mwakwiya, amene amayamba wakupatsani masiku oti mumve. Akanakhala wothamanga ngati ife, bwenzi mlimi uja atapeza madzi, n'kuyamba ndi kusambitsa maliro.

Eya, a Lufeyo, ndakuonani kalekale mukupukusa mutu kumbuyoko. Mukuti chiyani? Mukuti mpandawo sunagwe, anthu anachita kugumula ndi manja, ndiye ulosi wa Julayi uli pati? Zamkutu! Zaka zonse zija anthuwo manja analibe? Anali nawo, awiriawiri, ndipo njerwa sinasunthe ngakhale imodzi. Zinadikira mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku lachisanu ndi chiwiri, ulendo wachisanu ndi chiwiri. Khalani pansi, a Lufeyo. Dzino langa ili, likadalipo.