Chimene Rosaria Anabisa M'matewera

Pakhomo pa Abson, kufupi ndi Palabana, tsiku linkayamba ndi kugundana kwa zigubu za mkaka. Mwamunayo akakama ng'ombe ankamanga zigubu panjinga n'kulunjika kumsewu wa ku Lusaka, mkazi wake Rosaria n'kutsala akugulitsa mkaka wowawasa kwa anthu apafupi. Mu 1996 Rosaria anabereka mwana wamkazi, Nelesi. Mwanayo anali wamkulu, anabadwira pakhomo, ndipo potuluka anang'amba mayi ake mpaka kunjira ya chimbudzi. Chilonda chinapola chokha, koma chinapola mokhota. Kuyambira pamenepo Rosaria sankathanso kugwira chimbudzi. Akatsokomola, akaseka, akatukula ndowa, ankangomva kuti zachitika.

Sanauze munthu. Mwambo wogona kosiyana mwana akabadwa unamuthandiza kubisa, ndipo iye anangoutalikitsa. Nsanza zimene ankavala ankazichapira pamodzi ndi matewera, nanga ndani angafunse za fungo pakhomo pamene pali khanda? Kenaka anatulukira nzeru imene ankaiyesa yakuya, yoti chimene sichinalowe sichingatuluke. Anasiya kudya. Ankangolawa timadzi ta phala, kutchalitchi n'kusiyanso kupita poopa kuipitsa benchi.

"Amake Nelesi, ni chani kansi? Tiyeni ku chipatala," Abson ankatero.

"Nili chabe bwino. Ni kuyamwisa."

Thupi linasungunuka ngati sopo woiwalika m'madzi. Mabere anauma, mwana n'kumalira osatha. Tsono zaka zimenezo munthu akaonda, pakamwa pa anthu panali dzina limodzi lokha: kaliondeonde. Ogula mkaka anayamba kulambalala pakhomopo. Ndipo poti mlandu sugona panja, anaupezera mwini: Abson, amene ankapita kutauni m'mawa uliwonse. Anthu amene sanamuonepo ngakhale akucheza ndi mkazi wa mwini anamuweruza ali pamipando yawo, n'kumapukusa mitu ngati oyera mtima. Rosaria ankazimva zonsezo. Ankadziwa kuti mwamuna wake akusenza katundu wosakhala wake, koma manyazi anamumanga lilime.

Mbiriyo inafika ku Kasisi kwa Justina, mkulu wake wa Rosaria, mayi amene sankadziwa kunong'ona. Anatsika minibasi masana, n'kupeza Abson akutsuka zigubu pabwalo.

"Ba mulamu, mwachita bwino! Mukaka mupeleka ku tauni, matenda mubweletsa ku nyumba!"

"Mulamu, khalani pansi tikambe."

"Nikhale pansi? Onani mwana, apepuka monga nkhuku! Rosaria, longa katundu. Ukafele kwanu, osati pa khomo ya munthu uyu."

Anthu anali atayamba kale kusuzumira pampanda. Abson anaika chigubu pansi. "Ngati ni ine, tiyeni tikapimise magazi tonse. Koma Mulungu aziba, sinina..." Anakhala pachigubu, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Rosaria anali asanaonepo mwamuna wake akulira. Anaimirira pakhomo, miyendo ngati mapesi.

"Ba sisi, mulekeni. Alibe mulandu. Lowani monse mu nyumba."

M'nyumbamo ananena zonse, maso ali pansi: za chilonda, za nsanza, za njala yodzipatsa yekha. Kenaka Justina anaomba m'manja kamodzi.

"Iwe! Ufuna kufa, na mwana afe, chifukwa cha matuvi? Nanga ine nili mukulu wako wa chani?"

Abson anapukuta maso. "Amake Nelesi, ine nigwila ndowe za ng'ombe na manja siku ili yonse. Munaganiza ningathawe zanu?"

Rosaria anaseka akulira, ndipo zimene ankaopa zinachitika pomwepo. Palibe amene anasuntha. Justina anangonyamuka kukatenthetsa madzi.

Kuchipatala chachikulu ku Lusaka magazi a onse awiri anapezeka abwino. Dokotala anasoka mnofu umene unang'ambika, n'kunena kuti vutoli amaliona kawirikawiri, kungoti azimayi amafika mochedwa. Popeza mitsempha inali itafooka, anamutumiza kuchipinda cholimbitsira thupi. Kumeneko mayi wina wodekha ankamulumikiza ku kamakina ka mawaya kotumiza magetsi ofooka, odzutsa mitsempha ndi minofu imene inagona. Rosaria ankati zimamveka ngati nyerere zikuyenda. Anamuphunzitsanso kumanga ndi kumasula minofuyo ali kunyumba. Ulendo uliwonse Abson ankamukweza panjinga mpaka pokwerera minibasi, zigubu n'kudikira.

Sanachire tsiku limodzi, ndipo sanachire ngati sanadwalepo. M'mimba mukavuta amasamalabe. Koma anayamba kudya osaopa, masaya anabwerera, Nelesi ananenepa, ndipo Lamlungu lina anakhala pabenchi mpaka nyimbo yomaliza. Justina anabwera ndi tambala, n'kugwada pamaso pa mlamu wake pabwalo lomwe anamutukwanira. Oweruza a pampanda aja sanapepese. Anangobwerera ndi makapu awo kudzagula mkaka, ngati palibe chimene chinachitika.

Rosaria sanawasungire mkwiyo, mtima wake unali wodzaza ndi zina. Amathokoza mkulu wake chifukwa cha pakamwa pake posatseka, amathokoza manja a kuchipatala, ndipo koposa amathokoza mwamuna amene anatukwanidwa chifukwa cha iye koma osamusiya. Akamva kuti mtsikana wabereka, amapita kukaona mwana, kenaka n'kumufunsa mayiyo pambali funso limene ena amaliopa. Akaona kuti akuzengereza kuyankha, amamugwira dzanja n'kumuuza kuti iye anafika pakhomo pa manda ndi matenda ochizika. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.