Tsiku limene madzi adanyamula a Hosea

Zaka zimenezo, ufulu ukadali wanthete ndipo chipani chili chimodzi, anthu a m'komboni ya George ankatunga madzi m'zitsime zosaya za kuseri kwa nyumba. Choncho kutamveka kuti mipope ikubwera, komboni yonse idatuluka ndi makasu ndi mapiki kukakumba ngalande, nyimbo zili pakamwa ngati pa ukwati.

Wokumba koposa onse anali a Hosea, amene ankanyamula matumba a ufa pamsika wa ku Matero. Anali chimphona cha munthu, moti akakhala pa benchi m'tchalitchi, benchiyo inkadandaula mpaka pemphero lomaliza. Mtima wawo unali wabwino, koma makani ndiye anali ndiwo zawo.

Tsiku lina akupumula m'mphepete mwa ngalande, mnansi wawo a Kalumba, amene kale ankagwira ntchito ku migodi, adagogoda mpope ndi chala nati, "Uyu ukazaza manzi, osasewera nawo. Ku mugodi ninaona manzi yanyamula munthu monga imwe."

A Hosea adaseka mpaka mimba idagwedezeka. "Manzi? Yamene nimamwa mu kapu? Ine masaka yabili nimanyamula pamodzi. Boza, ba Kalumba!"

"Ya mu kapu ni yogona. Aya yachokera ku tanki pamwamba, yakankhana njira yonse, yafuna chabe pothawira."

"Yabwere, yazanipeza," adatero a Hosea akudziguguda pachifuwa.

Madziwo adabweradi, Loweruka lina m'mawa, pamene amisiri adatsegula kutali kumsewu waukulu kuti ayese mipope. Pafupi ndi nyumba ya a Hosea mpope waukulu udakhota kuloza kumwamba, utatsekedwa poyembekezera kulumikizapo ina ing'onoing'ono. Udayamba wang'ung'udza, kenaka phuu! Chitsekero chidauluka, ndipo mzati wa madzi wonenepa ngati mwendo wa munthu udaima chilili kupitirira madenga.

Chimwemwe chake! Amayi adalulutira akuthamanga ndi ndowa ndi mapoto. Ana adavula malaya. Utawaleza udakhala pakati pa komboni dzuwa likuwala, ndipo nkhalamba zimene zidakalambira pa chingwe cha chitsime zinkangotambasula manja kuti madzi azigwere.

Koma madzi sasankha kolowera. Adayamba kutsetserekera pabwalo pamene a Hosea adayanika njerwa zadothi, zimene adaumba mwezi wathunthu kuti amangire mwana wawo wamkazi Ennie chipinda chakechake. Munthu wina adakwera njinga kukauza amisiri kuti atseke, koma kumsewu kunali kutali.

"Tiyeni tikumbe kangalande, manzi yapite uko," adatero a Mainess, akazi awo a Hosea, akuitana anzawo kuti abwere ndi makasu.

"Kukumba chani? Nizayatseka ine," adayankha a Hosea.

Adafika pampope naika dzanja pakamwa pake. Dzanjalo lidakankhidwira kumbali ngati tsamba. Wina akadamva pomwepo. Iwo adangoti dzanja ndi laling'ono, madzi akulambalala, ndipo adathamangira m'nyumba nabwera ndi beseni lachitsulo lochapira.

"Ba Hosea, beseni ndiye yoipa!" adafuula a Kalumba. "Izagwira manzi yonse, mphamvu yonse izabwera pali imwe!"

"Batate ba Ennie, muli na bana!" adawonjeza a Mainess.

Mawuwo adalowera khutu ili natulukira linalo. A Hosea adavundikira beseni kumatako, adaligwira m'milomo ndi manja onse, nabwerera chambuyo mpaka adadziponya pampope, khuu!

Mzati uja udazimirira. Madzi adathawira m'mbali ngati siketi ya wovina. A Hosea adayang'ana khamu lonse nkhope ikuwala. "Mwaona? Nenze kukamba cha..."

Sadamalize. Beseni lidayamba kunjenjemera, likulira ngati ng'oma. Zidendene zidasiya dothi. Chimphona chija chidakwera, kufika m'mawondo mwa anthu, kenaka m'chiuno, chili khale pa beseni ngati mfumu yonyamulidwa pa machira, miyendo ikupalasa mphepo, maso ali tong'o.

"Mayo! Mainess, nigwire!"

Madzi amatha kunyamula, koma sadziwa kugwiriziza. Beseni lidapendekeka pang'ono chabe, ndipo a Hosea adatembenuzika nakagwera chagada pakati pa njerwa zawo zomwe, phwata! Beseni, litapepukidwa, lidauluka lokha nkukatera padenga la a Kalumba, ngwee!

A Mainess adataya khasu nathamanga. "Mwapweteka?"

A Hosea adadzuka pang'onopang'ono, matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi, buluku litang'ambika kumbuyo. Adadzigwiragwira m'nthiti, adagwedeza khosi, nalavula dothi.

"Mainess," adatero motsitsa, "nenze mumwamba. Ine. Na thupi yonse iyi."

Woyamba kuphulika anali a Mainess eni ake, ndipo komboni yonse idatsatira. Ena adakhala pansi m'matope momwemo chifukwa cha phwete. A Kalumba ankapukuta misozi. Potsiriza nawonso a Hosea adaseka, kuseka kwawo kwa mimba yonse kuja, nagwira dzanja la mnansi wawo. "Ba Kalumba, manzi ni bakulu. Nagonja."

Pamene amisiri ankatseka, kangalande ka amayi kanali katapatutsa kale madzi. Njerwa zambiri zidapulumuka. Zimene zidafa ndi zimene mwini wake adaziphwanya ndi msana, ndipo anansi adamuthandiza kuumba zina, aliyense akufuna kumvanso nkhaniyo kuchokera pakamwa pa wouluka. A Hosea sankakana kuifotokoza, kungoti chaka chilichonse ankakwera kuposa chaka chatha, mpaka adayamba kunena kuti ali m'mwambamo adaona msika wa ku Matero.

Iwo adalipira ndi buluku ndi njerwa zochepa, nagula nthabwala ya moyo wonse. Ambiri otseka makutu sachita mwayi wotere. Akuluakulu sadaname: mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.