Kabaji Kofufutika Pakati

Panali munthu wina ku Limbe, mmisiri wokonza makompyuta akalekale, aja achikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Luso anali nalo, ndisaname. Koma anali ndi matenda amodzi otopetsa: sankafunsa. Akangochiona chinthu, basi wadziwa kale chimene mwini wake akufuna.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye wa ku Ndirande, atasenza kompyuta yokulunga m'chitenje. Inali ya malemu amuna ake, amene ankalembera anthu makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro.

"Sikuti iyakenso ayi, bambo," anatero mayiyo. "Mungoitsuka, ndikaiike pabalaza. Komanso..."

"Ndamva, ndamva mayi, musadandaule," anamudula mawu mmisiri uja.

Kutsogolo kwa bokosi la kompyutayo kunali kabaji kachitsulo ka kampani imene inaipanga. Kanali kofufutika pakati, zilembo zake zitatheratu. Mmisiri anakayang'ana n'kupukusa mutu. Bokosi loyera, baji yakutha? Pa dzina lake zimenezo sizingachitike.

Kuchotsa kwake ndiye kunali kogometsa. Sanatokose ndi mpeni monga amachitira anthu ophuma, chifukwa pulasitiki yokalamba imathetheka ngati bisiketi. Anabwereka makina oumitsira tsitsi ku saluni yoyandikana naye, n'kutenthetsa kabajiko pang'onopang'ono mpaka guluu anafewa. Kenako analowetsa ulusi wowedzera nsomba kuseri kwake, n'kumacheka mofatsa, uku ndi uku. Kanachoka bwinobwino, osapindika, bokosi osakandika. Guluu wotsala anamupukuta ndi sipiriti.

Ndiye chisamaliro chonsecho, abale, mathero ake anali otani? Anakaponya m'thumba la zitsulo zakutha! Ogula zitsulo atadutsa ndi wilibala yawo, thumba lija linapita.

Iye anazungulira misika kusakasaka m'makompyuta akufa, mpaka anapeza baji yofanana ndendende, yonyezimira. Anaimata mowongoka bwino, n'kukhala pansi kudikira kuyamikiridwa.

Mayi uja atabwera, kuyera kwa bokosi sanakuyang'ane n'komwe. Chala chake chachikulu chinangopita chokha pa baji. Chinaima pomwepo.

"Kakale kaja kali kuti?"

"Ndinataya, mayi. Kanali kotha. Iyi ndi yeniyeni, ya kampani yomweyo."

Mayiyo anakhala pa benchi. "Bambo a kunyumba ankakasisita ndi chala m'mawa uliwonse asanayatse, ngati akupereka moni. Pofufutika paja ndi pamene pankagunda chala chawo. Zovala ndi njinga abale awo anagawana. Ine chonditsalira chinali chomwecho. Ndimafuna ndikuuzeni tsiku lija."

Mmisiri anathamangira kwa ogula zitsulo, thukuta kamukamu. Anapeza lole yonyamula zitsulozo itanyamuka kalekale. Apa munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Koma uyu ayi ndithu, mutu wake unali udakali pa luso. Anabwerera atanyamula sandipepa.

"Mayi, musalire. Ndingopala pakatipa, ifufutika chimodzimodzi. Palibe adzazindikire."

Mayi uja anamufunsa kuti, "Ndiye ndizidzati ndi chala cha ndani?"

Anapinda chitenje chake n'kutuluka chimanjamanja. Kompyutayo mpaka lero ili pa shelefu m'shopu muja, yoyera mbee, palibe woifunsa.

Tsono inu amene mwasankhidwa kuti muziyendera amasiye ndi okalamba, nkhaniyi ndi yanu, ndipo ndatopa n'kuibwereza. Mumalowa m'nyumba za anthu manja akukuyabwani. Mpando wothyoka mwatulutsa, chipewa chakutha mwatentha, kapu yobenthuka mwataya, kenako mukubwera kuno kudzadandaula kuti sanakuthokozeni. Mtima wabwino muli nawo, sindikukana. Mmisiri uja nayenso anali nawo, ndiponso manja ake anali ofatsa kuposa anu. Musanachotse kanthu m'nyumba mwa munthu, ngakhale kaoneke kotha chotani, tsekani pakamwa amalize kulankhula, kenako mufunse kuti kanatha ndi chiyani. Mwina n'chala cha munthu amene sadzabweranso.